Kadontho ka m'Kamera

Tsiku limene tinagula kamera ija, a Haidari anatichenjeza tili chiimire m'sitolo mwawo pa boma. Anati chinthu chimenechi mdani wake ndi fumbi. Anachotsa diso lake la kutsogolo lija, lenzi, koma kamerayo ataizondotsa kukamwa kuloza pansi ngati munthu akukhuthula madzi m'kapu. Anati kuseri kwa kakalilole kamene kamaoneka m'bowomo kuli kagalasi kena kotchedwa sensa, ndipo chithunzi chilichonse chimagwera pamenepo. Kachitsotso kamodzi kakamatirira pa kagalasiko, kazituluka pa chithunzi chilichonse, malo omweomwewo.

"Musamatsegule pamphepo, achimwene. M'chigafa ndiye ayi ndithu. Kakalowa kanthu musadzauzire ndi pakamwa, musadzatokosemo. Mudzabwere nayo kuno."

Amuna anga, a Masautso, ankangogwedeza mutu, maso ali pa chikwama cha kamerayo. A Haidari anatulutsa kapampu ka labala kooneka ngati peyala, nati mpweya wa m'menemo ndi wouma, ndiwo wokha woyenera kufika pa sensa. Amuna anga anati mapapo anabadwa nawo, sangagule mpweya m'sitolo. Anthu amene ankagula misomali ndi malata m'sitolomo anaseka nawo. Ine ndinali pafupi ndi chitseko, Louisa atagona kumsana. Mawuwo sankauza ine, koma ndinawamva onse. Ndine munthu wotero. Pamene anzanga akuseka, ine ndimakhala ndikuyang'ana pamene pangagwe chinthu.

Chaka chimenecho fodya anayenda bwino ku okushoni, ndipo abambo a Louisa anati atopa kununkha chikonga chaka chonse ngati tenanti. Ankafuna aziitanidwa ku maukwati ndi ku mpira, anthu aziwapatsa mpando. Kamerayo inali yogwirapo kale ntchito. A Haidari anaigula kwa munthu wina wa ku Lifupa amene anachita kupatsidwa ndi mlendo wodzaona nyama. Inali ndi malenzi awiri, yaifupi yojambulira gulu ndi yaitali yokokera zinthu zakutali, ndiye kusinthasintha kunali kosapeweka.

Ine kumudzi kwawoko ndinabwera chitengwa. Kwathu ndi kwa Lukwa, ndipo pamudzipo ndinalibe wanga wina koma mwana wangayo, amene anali asanakwane zaka zinayi. Nyumba yathu inayang'anizana ndi ya apongozi anga, aNaphiri, mayi wawo wa amuna anga. Chitseko chathu chikatseguka iwo ankadziwa, chikatsekeka ankadziwanso.

Nthawi imeneyo anthu anali asanamalize kusankha fodya wotsalira. M'chigafa mwathu munkadzaza amuna, ena kumanga ndindi, ena kupondereza mabelo pa jeke. Amene analowapo m'chigafa nyengo imeneyi akulidziwa fumbi lake. Limakanda pakhosi, ndipo pamene dzuwa lalowera pa mpata wa udzu umaliona likuyandama ngati ufa. M'menemo ndimo abambo a Louisa ankakonda kuonetsera kamera yawo. Ankachotsa lenzi, n'kuinyamula chagada kuti aliyense asuzumire, kenako n'kudina kuti kakalilole kaja kaphethire. Amunawo ankawauza kuti abwereze, iwo n'kubwereza. A Kalekeni, wapampando wa kalabu ya alimi, munthu wosasunga mawu m'kamwa, anati chinthucho chili ndi chikope ngati nkhuku, tsiku lina chidzaikira.

Masana ena nditabweretsa thobwa ndinapeza kamera yasiyidwa pa belo, kukamwa kuli yasa, eni ake akuthandiza kusoka chiguduli. Ndinaima pamenepo ndi ndowa m'manja, ndikuona fumbi likutsika pang'onopang'ono. Sindinaikhudze. Ndinadikira anthu abalalike, ndipo ndinawakumbutsa mawu a a Haidari motsitsa mawu. Anandifunsa ngati ku Folomu 4 kuja kunali phunziro la makamera. Anati anthu a m'masitolo amaopseza dala kuti ugule timalabala tawo. Sindinabwerezenso.

Louisa kamerayo ankaikonda. Ankaitcha kaphethi chifukwa cha kuphethira kuja. Bambo ake akaitulutsa ankathamanga kukawagwira thalauzi, ndipo pakakhala anthu iwo ankamunyamula n'kumuonetsa nkhope yake pa kasikirini ka kumbuyo. Mwana ankaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkamugwira mkono nthawi zonse kamera ikakhala yotsegula. Pamudzipo mwana akaswa kapu nkhani imafika kwa amalume ake a mayi wake, ndipo izi ndinali nditaziona kale.

Mwezi wa Okutobala utalowa, akamvulumvulu akuvina m'minda yopanda kanthu, nkhani ya makuponi inayamba. Chaka chapitacho anthu ena anakatenga feteleza m'maina a anzawo, ndiye kalabu inagwirizana kuti membala aliyense akhale ndi khadi yokhala ndi chithunzi chake. A Kalekeni anati ntchito isapite kutali, mwana wa pamudzi ali ndi makina. Abambo a Louisa anayenda mosiyana sabata imeneyo. Anatenga shiti yanga yoyera ya pa ukwati n'kuikhoma pa khoma la kunja, kumene dzuwa limamenya m'mawa, n'kuika mpando patsogolo pake. Anthu ankabwera atavala majekete pa kutentha konse kuja. Ena ankabwerekana jekete imodzi, ikangovulidwa ndi uyu ivalidwe ndi uyo.

Anthu asanafike, iwo ankayesa kaye kuwala ndi Louisa. Ankamuimika pa mpando paja, ine n'kuima pambali kuti asagwe. Mwanayo sankaima chilili. Ankapendekera kumene ndili ine, mutu wake kufuna phewa langa, bambo ake n'kumukalipira kuti ayang'ane kutsogolo.

Zithunzi zoyamba zitabwera kuchokera kotsukidwa pa boma, aliyense anali ndi kadontho kotuwa pambali pa mutu, pa nsalu yoyera ija. Pa kasikirini sikankaoneka, koma pa pepala kanali apo ndithu, ngati pamene pagwera dontho la madzi akuda. Kwa ena kanali patali ndi khutu, ndipo abambo a Louisa anakadula ndi sizasi. Kwa a Kalekeni, amene ali ndi mutu waukulu, kanakhudza khutu lenilenilo. Anayenda nacho chithunzicho mudzi wonse akuonetsa anthu kuti ntchentche ya kwa a Masautso yawatsatira mpaka pa khadi, ndipo nayonso ilembedwe ilandire kuponi. Anthu anaseka. Amuna anga anaseka nawo ndi mano okha.

Mu envelopu momwemo munali zithunzi za Louisa. Apongozi anaziyala pa mphasa pakhonde pawo, chimodzichimodzi, ndipo anandiitana. Pa chithunzi chilichonse kadontho kaja kanali pa nkhope ya mwana, pena pamphumi, pena pa diso.

"Amake Louisa, inu munapita kusukulu. Tandithandizani. Bwanji kwa anthu onse kakutera pa nsalu, kwa uyu kakutera pankhope?"

Ndinagwada n'kufotokoza mmene ndingathere. Ndinati ndi fumbi limene lili m'kati, limakhala malo amodzi, ndipo mwanayo amapendekera kwa ine, n'chifukwa chake nkhope yake imafika pamene pali fumbipo. Ndinapempha kuti abambo a Louisa ajambule nsalu yokha popanda munthu, aone ngati sikatuluka. Iwo anachita, mwina pofuna kundichititsa manyazi. Anakulitsa chithunzicho pa kasikirini, kukulitsa, kukulitsa, ndipo kadontho kanaoneka pa nsalu yopanda munthu. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Apongozi anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu. Anati tsopano amvetsa, ndipo ndawathandiza. Ngati kali m'kati, ndiye kuti wina anakaikamo, ndipo kakudziwa mwini wake, n'chifukwa chake kamamuthamangira pankhope. Anati iwo anaona ndi maso awo tsiku lina m'chigafa mwanayo akusuzumira m'bowomo chala chili m'mwamba. Zinali zoona kuti analoza, monga amalozera ana onse. Koma mkono winawo unali m'dzanja langa, ndipo chala chake sichinafike ngakhale pa mlomo wa kamerayo. Ndinanena zimenezi. Apongozi anayankha mwaulemu kuti mayi aliyense amaona mwana wake ndi diso limodzi. Abambo a Louisa anatembenuka. Anamuyang'ana mwana amene ankasewera ndi zitsononkho pabwalo, ndipo mmene anamuyang'anira sindinakondwe namo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumusiya Louisa pakhomo. Ku mjigo ndinkapita naye, ku nazale kothirira fodya ndinkapita naye, ngakhale ankalemera ndipo akazi anzanga ankandiseka kuti ndidzamubereka mpaka tsiku la chinkhoswe chake.

Theka la kalabu linali lisanajambulidwe. Ndinawapempha amuna anga kuti apite nayo kamera kwa a Haidari. Anati sangakwere njinga mpaka pa boma kukapempha munthu wogulitsa misomali kuti awapukutire fumbi. Anafufuza m'kati mwa kamerayo mpaka anapeza podina kuti kakalilole kakwere n'kukhala m'mwamba, sensa n'kuonekera, kagalasi kobiriwira ngati phiko la ntchentche. Anauzira ndi pakamwa mwamphamvu, masaya kutupa. Atajambulanso nsalu, madontho anali ambiri. Malovu anali atawazikira pamenepo n'kuuma.

Tsiku lotsatira, ndikupeta chimanga kuseri kwa nyumba, ndinawaona pa zenera. Anakhala pa bedi, kamera pa maondo. Anakulunga thonje ku mutu wa kamtengo ka machesi, n'kuviika mu sipiriti uja tinkasungira zilonda. Analowetsa m'bowomo n'kuyamba kupukuta. Thonjelo linavuka, ndinaliona likugwera pa thalauzi, koma iwo sanaone msanga. Anapitiriza ndi kamtengo kokhakokha, ndipo anakanikiza. Kenako anaima. Anatulutsa kamtengoko n'kukayang'ana, anayang'ana m'bowo, anayang'ananso kamtengo. Anakaponya pansi pa bedi. Ine ndinabwerera pa lichero langa mwakachetechete, ndipo nkhuku zinadya chimanga chimene ndinataya.

Anajambulabe anthu otsalawo. Zithunzi zitabwera, aliyense anali ndi mzere woonda wodutsa pakhosi, kuchokera mbali ina ya pepala kufika mbali inayo, ngati wadulidwa ndi lezala. Umenewu sukanadulidwa ndi sizasi. A Kalekeni anabwera pabwalo pathu ndi amuna ena, zithunzi zili m'manja ngati makhadi a juga.

"Akatswiri, ife tinati mutijambule. Sitinati mutizinge ngati nkhuku za pa Khirisimasi."

Mayi wina wachikulire anakana kutenga chake, anati sangasunge m'nyumba chithunzi chimene chamudula khosi iye ali moyo. Kalabu inaitana wojambula wa ku Kapelula, amene anabwera pa njinga ndi kakamera kolowa m'thumba la malaya, n'kumaliza ntchito yonse tsiku limodzi pa khoma la tchalitchi. Abambo a Louisa akadutsa pa golosale anthu ankadzigwira pakhosi. Anasiya kupita ku bawo. Pakhomo, Louisa akathamangira kukawagwira thalauzi ankamukankha ndi bondo.

Makuponi anagawidwa, ndipo anthu anauzidwa tsiku lokagula feteleza ku depoti. Kutatsala tsiku limodzi, amuna anga analawira pa boma ndi kamera m'chikwama. Anabwerera dzuwa litapendeka. Anaimika njinga, n'kuitana mayi awo kuti abwere kwathu. Apongozi anakhala pa mpando pafupi ndi chitseko, ine pansi. Amuna anga anati a Haidari aiona kamera, ndipo yafa, singakonzekenso. Anati a Haidari anaika pa galasi lokulitsa zinthu n'kuona bwinobwino kuti sensa inakalidwa ndi chikhadabo cha mwana.

Ndinafunsa ngati a Haidari anaterodi. Amuna anga anangondiyang'ana. Ine ndinalankhulabe. Ndinati ndinali pa zenera tsiku lija, ndinaona thonje likugwa, ndipo kamtengo ka machesi kakadali pansi pa bedi ngati akufuna ndikatenge.

Apongozi anayang'ana kudenga ngati sanamve. Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndinali nditakonzeka kale mbali imene ndigwere. Koma abambo a Louisa anamwetulira. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa paketi ya mabisiketi imene anagula pa boma. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zimenezi anaziganiza ali m'njira.

"Louisa, bwera kwa adadi."

Mwana analowa akuthamanga. Panali patapita masiku bambo ake asanamuitane ndi mawu otero. Anamukhazika pa bondo n'kumupatsa bisiketi imodzi, ina n'kuigwira m'mwamba.

"Kaphethi kaja umakakonda, eti?"

"Eee."

"Unakagwira m'kati ndi chala. Usaope, adadi sakwiya. Unakagwira, eti?"

Louisa anayang'ana bisiketi, anayang'ana ine. Ndinapukusa mutu. Iye anaganiza kuti ndikumuletsa bisiketi, ndiye anatembenukira kwa bambo ake n'kuvomera msanga.

"Chala chiti?"

Anatambasula dzanja n'kuyang'ana zala zake ngati masewera, kenako anasankha chimodzi n'kuchikweza akuseka.

"Wamva wekha," anatero kwa ine.

Anamugwira dzanjalo n'kulitambasula pa tebulo, n'kuvula patapata. Ndinadzuka, koma anandikankha ndi chigongono ndipo ndinakagunda khoma. Mmene ndimadzukanso anali atamumenya zala kangapo. Mwanayo poyamba sanalire, anangotsegula pakamwa bisiketi ikugwa, kenako kulira kunatuluka konse. Ndinamulanda n'kumufungatira. Panja akazi ochokera ku mjigo anali ataima ndi ndowa pamutu. Apongozi anatuluka n'kuwauza kuti mwana walumidwa ndi mavu, apitirire. Anaima pakhomo mpaka womaliza atakhota.

Atalowanso anati patapata ndi masewera, mwana amaiwala dzuwa lisanalowe. Dzanja loyendayenda limaphunzira ndi phulusa lamoto, kamodzi kokha basi. Anagwira dzanja lamanja la mwana wawoyo, bambo wamkulu wandevu, n'kulitembenuza kuti ndilione. Zala ziwiri za amuna anga zili ndi khungu losalala lonyezimira, ndipo chimodzi sichipinda bwino. Iwo anandiuza tisanakwatirane kuti anagwera pamoto ali wakhanda.

"Ili linapisa mu mphika wa ndiwo kamodzi. Mufunseni ngati linabwerezanso."

Abambo a Louisa sanachotse dzanjalo. Anayang'ana pansi ngati mwana wa sukulu. Apongozi anapitiriza ndi mawu awo ofatsa aja. Anati mawa mudzi wonse ulawira ku depoti, ndipo mzere wa akazi umayenda msanga kuposa wa amuna, ndiye kuponi ya banja lathu ndikaimire ndine. Anati mzerewo si wa ana, dzuwa lake ndi loopsa, mwana ndimusiye kwa iwo. Ndipotu angogona kwawoko lero lomwe kuti ndisavutike kumudzutsa.

Ndinaona mudzi wa mawawo m'maso mwanga. Nyumba zonse zotseka, akazi a ku mjigo onse ali ku depoti, pamudzi patatsala nkhuku, agalu ndi moto wa m'khitchini mwa apongozi. Ndinati mwanayo akukodza pogona masiku ano, awaonongera mphasa. Ndidzamubweretsa ndekha ponyamuka. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati ndachita bwino kuganizira mphasa yawo, n'kutuluka.

Titatsala awiri, Louisa akusisima pachifuwa panga, ndinawalankhula amuna anga. Sindinakweze mawu. Ndinati akudziwa kuti mwanayu sanakhudze kanthu. Ndinati dzanja lawo lomwelo likudziwa chimene phulusa limachita, ndipo Louisa ndi wamkazi, adzafuna zala zimenezo posoka fodya, pogwira cholembera, pa chilichonse. Ndinati andimenye ine, anene kuti ndinapukuta ndine, ndivomera pamaso pa kalabu yonse. Anati palibe angakhulupirire, mudzi wonse ukudziwa kuti ine ndimaopa ngakhale kuiyandikira. Anakhala pa bedi akutsegula ndi kutseka zipi ya chikwama cha kamera.

"Ndiye ukufuna anthu azinena kuti ndani?"

Iwo anatulutsa kuponi m'thumba n'kuiika pa tebulo, pamene panali nyenyeswa za bisiketi. Anati ndisaiiwale, ndipo ndisachedwe kudzuka. Kenako anavala jekete n'kupita ku golosale, ulendo woyamba patapita masiku ambiri. Ndinawaona pa zenera akuyenda mapewa ali m'mwamba. Anali ndi nkhani yokauza anthu tsopano.

Ndinatenga beseni n'kumusambitsa Louisa kuseri kwa nyumba, kunja kukadali kowala. Zala zake zinali zitatupa, ndipo ndikathira madzi ankabweza dzanja. Ndinaziviika m'madzi ozizira a mumtsuko. Anandifunsa ngati adadi akwiyabe. Ndinati ayi. Anafunsa ngati bisiketi ina ija amupatsa mawa, popeza anayankha bwino. Ndinamupukuta kumaso kuti asaone maso anga.

Kutsidya kwa bwalo apongozi ankatola nkhuni. Sanatole mapesi kapena zitsononkho zimene timakolezera masiku onse. Anasankha zikuni ziwiri za mtengo wolimba, zimene zimasunga makala mpaka kucha, n'kuzikokera m'khitchini. Atandiona anandifunsa ngati mwana wadya, ndipo ndinati adya posachedwa.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kuganiza ngati munthu wowerenga mayeso, chinthu chimodzi pa nthawi. Chikwama sindingatenge, munthu wopita ku depoti sanyamula chikwama. Ndivala madiresi awiri, lina m'kati mwa linzake. Za Louisa ndizikulunga m'chitenje ngati kamba wa pa mzere, pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Kuponi ndiisiya pa tebulo pomwepo, asadzanene kuti ndinaba feteleza wa banja. Anthu a ku depoti amanyamuka tambala woyamba, m'magulumagulu, ndipo mkazi wobereka mwana pakati pawo palibe amamufunsa. Koma apongozi tulo tawo n'topepuka, ndipo tambala akalira adzakhala atakhala kale pakhonde kudikira. Ndiye ife tituluke tambala asanalire, podzera kuseri kwa chigafa kumene agalu amatidziwa. Tikadikire anthu kutsogolo pa msewu, tiyende nawo mpaka pa mphambano. Iwo akakhotera ku depoti, ife tikalunjika kwa Lukwa, kwa amalume anga. Kumeneko mwana ndi wa mbumba yathu, ndipo womufuna adzayenera kukhala pansi pabwalo n'kunena chimene akumufunira.

Ndinadziwa kuti adzanena kuti ndathawa chifukwa mlandu ndi woona. Ndinadziwanso kuti fodya wa ku nazale amene ndathirira nyengo yonseyi adzamuoka ena. Ndinathira mafuta ophikira m'mahinjesi a chitseko, n'kuchitsegula ndi kuchitseka mpaka chinasiya kulira. Kenako ndinamudyetsa Louisa ndi dzanja langa, popeza lake silinkagwira, n'kumugoneka msanga atavala juzi ndi nsapato.